Makuponi Anu ndi Phwando la Pachiliza

Amayi, kaya mwadzuka bwanji uko munapitako?

Ndafunsa chifukwa munatiphunzitsa kuti kalata imayamba ndi moni, ngakhale ukulembera munthu amene wakupsetsa mtima. Ndine Enelesi, mwana wanu wamkazi, uja munamusiya m'nyumba ya ku Kapata ndi makina osokera, denga lodontha, ndi chitseko chimodzi chokhoma chimene munalamula kuti asachikhudze. Lero sindikulemba ndi mtima wabwino, ndipo sindibisa. Mukanakhala moyo bwenzi mutandidula kale pakamwa ndi mawu anu aja akuti, "Iwe, tsitsa mawu, aneba akumva." Aneba anamva kale zonse, mwatsala ndinu nokha.

Ndiyambe ndi za pakhomo, poti munkafuna kudziwa chilichonse, mpaka nkhuku imene yakaikira kwa eni. Mvula ya chaka chatha inatinamiza. Inadula chimanga chikumasula ngayaye, ndipo kumunda kwa azakhali ku Tamanda, kumene tinkadalira matumba athu, zokolola anangozisenza pamutu, ngolo siinafunike n'komwe. Chaka chino yagwa bwino, chimanga chaima chobiriwira njira yonse yopita kumanda kwanu, koma mu Febuluwale muno sichinafike podya. Ufa wakwera moti tikugula wa pamela, timapaketi ting'onoting'ono tija munkati n'ta anthu osaganiza za mawa. Eya, mwana wanu tsopano ndi mmodzi wa anthu osaganiza za mawa. Mayunifomu a sukulu ndinasoka mu Januwale n'kutha, pano anthu akungobweretsa zigamba ndi mazipi. Nthambi ya mango inagwera pachimbudzi n'kuphwanya lata. Ndaikapo pulasitiki ndi njerwa.

Nkhani yaikulu ndi iyi: mdzukulu wanu Nawomi anachira bwinobwino Khirisimasi itayandikira. Mwana wamwamuna, dzina lake Limbani. Poti ndi woyamba, Nawomi anabwera kudzachirira kuno kwa ine mayi wake, ndipo akadali pompano, chifukwa mwamuna wake anapita ku Lusaka kukafuna ntchito ndipo chimene amatumiza ndi malonjezo a pafoni. Mwanayo anatenga nkhope yanu. Akakwinya chipumi amaoneka ndendende inu mukuwerenga chenji cha wogulitsa tomato, moti tsiku loyamba ndinaseka misozi ili m'masaya.

Koma Limbani sankakula, Amayi. Ku sikelo mzere wa pa khadi lake unayamba wagona, kenako unaloza pansi. Anamwino anamuyang'ana Nawomi m'maso, anamugwira pamkono, n'kunena kuti vuto si la mwana, ndi la mayi: sakudya mokwanira, ndiye mkaka ukutuluka wochepa. Anati adye phala la nsinjiro lothira shuga, mazira, ndiwo za mafuta, amwenso mkaka. Ine ndinangoti, "Chabwino, anamwino," ngati kuti zonsezo ndikangozitenga m'kabati. Kunyumba tinkadya kamodzi patsiku, ndiwo zake nkhwani wamchere wokha. Mwana ankayamwa, n'kulavula bere, n'kulira mpaka mawu kusasa. Ndipo mukudziwa pamene Nawomi ankakhala poyamwitsa? M'kanjira ka m'kati mwa nyumba muja, poti m'mozizira, msana atatsamira chitseko cha kachipinda kanu. Kuseri kwa msana wake kuli shuga, saladi wophikira ndiwo, mpunga ndi mkaka zofika kudenga, pachitseko pali loko wanu.

Ndikukumbutseni mmene zinthuzo zinaloweramo, kaya mwina kumeneko anthu amaiwala zawo n'kumakumbukira za anzawo zokha.

Makuponi munayamba nawo kale, ine ndili kamtsikana, masiku aja boma linkapereka makuponi a ufa. Pamenepo sindikudandaula. Inali nthawi yovuta kwa aliyense, ndipo munatilera ndi malipiro a uphunzitsi a Abambo amene ankatha mwezi usanafike pakati. Koma nthawi ija itapita, anzanu anaiwala. Inu ludzu lake silinakuchokeni. Sitolo yaikulu ija itatsegulidwa m'tauni, ya mafiriji ndi matirole, n'kuyamba kumwaza mapepala a mitengo yotsitsa, munakhala ngati mwapeza mpingo wachiwiri.

Lachinayi lililonse munkayala mapepalawo patebulo, magalasi ali pamphuno, n'kumadula timakuponi ndi sizasi yanga yodulira nsalu. Yanga, Amayi, imene ndimadyera! Ndinakuuzani kangati kuti pepala limabunthitsa sizasi? Munkayankha osadzutsa mutu kuti, "Ukanoletsa kumsika, si zodula." Wokanoletsa ndi ine, wolipira ndi ine, ndipo zimenezo simunkaziika pa zimene mwapulumutsa. Timapepalato munkatisanja m'chitini cha mabisiketi, ta sopo patokha, ta saladi patokha, mwana akangochikhudza alandira khofi.

Simunalekere pomwepo. Mutazindikira kuti kuponi ina imatuluka kumunsi kwa lisiti, munayamba kutola malisiti amene anthu ataya pakhomo pa sitolo. Mtsogoleri wa amayi a kumpingo, mkazi wa aphunzitsi a Sakala, kuwerama pa bini masana dzuwa likuswa mtengo! Tsiku lina kasitomala wanga, mayi wa ku ofesi amene ndinkamusokera masuti, anandifunsa mwaulemu ngati kunyumba kwathu zinthu zili bwino, chifukwa anakuonani. Ndinafuna nthaka itseguke. Nditakuuzani munangoti, "Iyeyo ndi amene anataya ndalama, manyazi akhale ake."

Nanga masiku aja amalemba kuti munthu mmodzi botolo limodzi la saladi! Munkatidzutsa tonse, ine ndi Nawomi akadali wa kusukulu ya pulayimale, n'kutigawira ndalama ndi makuponi pansi pa mtengo wa kunja kwa sitolo. Lamulo linali limodzi: "Tikalowa umu sindikudziwani, inunso simundidziwa. Aliyense pamzere wake." Nawomi anaiwala tsiku lina, anakuonani kutsidya kwa mashelefu n'kukuwa mokondwa, "Ambuya! Ambuya!" Inu munatembenuka n'kuyamba kuwerenga mtengo wa polishi. Mwanayo anaima pakati pa sitolo, botolo lili pachifuwa, osamvetsa chimene walakwa. Titatuluka munamutsina khutu. Mwina inu munaiwala, koma iye sanaiwale.

Inuyo munkalowa kawiri. Koyamba mutavala duku ndi chitenje. Mukatuluka munkazungulira kuseri, kuvula duku, kuvala juzi ndi magalasi, n'kulowanso ngati mayi wina wochokera ku boma. Munkaganiza kuti mwawapusitsa. Atsikana a pa makina olipirira ankakudziwani bwinobwino, ankangotsinzinirana maso n'kukulolani chifukwa cha imvi zanu. Tikatero, ulendo wapansi kubwerera ku Kapata, katundu ali pamutu, anyamata a njinga akutiitana, inu mukuti, "Miyendo tinapatsidwa yaulere."

Zonsezi ndikanakukhululukirani, Amayi, zikanakhala kuti zinthuzo zinkafika mumphika. Koma ayi. Zinkalowa m'kachipinda kaja, kamene kale kanali ka mabuku a Abambo, loko n'kuti khethe. Ife tinkamwa tiyi wa supuni imodzi, nayonso mutaisalaza ndi chala. Saladi munkayeza ndi kachivundikiro ka botolo. Ndikadandaula munkati, "Amene amadya zonse lero ndi nkhuku." Ine ndinasenza pamutu panga shuga amene sindinamulawe.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, musaganize kuti ndaiwala. Tsiku lovundukula chiliza cha Abambo kumudzi, anthu anabwera ambiri kuposa mmene tinkayembekezera. Mpunga unathera panjira, shuga anatha azimayi asanamwe. Ndiye mayi wina wa kumpingo wa kumudzi ananena, akudziwa kuti mukumva, kuti kwa aphunzitsi anamwako madzi otentha. Mawu amenewo anakulowani mpaka m'mafupa. Kuyambira tsiku limenelo munayamba kukonzekera chiliza chanu inu muli moyo, muli ndi mphamvu zokalipa. Munkati, "Pamaliro anthu amabwera ndi ufa wawo ndi nkhuni zawo, mpingo umathandiza. Pachiliza amabwera ndi mimba zokha, ndi maso. Changa ine palibe amene adzanyoze." Mayi ananena zija anamwalira kalekale, koma inu munapitiriza kumuyankha ndi mabotolo a saladi.

Ndipo kiyi. M'chipatala muja, amene ankagona pansi pafupi ndi bedi lanu ndani? Amene ankakusambitsani, kukutembenuzani, kuchapa nsalu zanu ndani? Ndine. Koma tsiku lija mwana wanu wamwamuna, achimwene a Yotamu, atabwera pa ola loona odwala atamanga tayi, munavula kachingwe ka m'khosi n'kuwapatsa kiyi. Ine ndili chiimire pomwepo, beseni lili m'manja. Munati, "Yotamu, kiyi uyu usam'patse Enelesi, dzanja lake n'lopepuka. Mudzatsegule tsiku la chiliza basi." Odwala a pabedi loyandikana anamva. Awo ndi mawu omaliza amene munanena okhudza ine, ndipo ndinakatayabe madzi a m'beseni lija.

Chiliza tinagwirizana kuti chidzavundukulidwe mu Ogasiti, anthu atakolola. Mwana wa miyezi iwiri sangadikire Ogasiti.

Sindinathamangire loko, ayi. Ndinayamba ndayesa njira yanu. Foni yanu ikadali m'dirowa, ndimaitchaja magetsi akabwera, ndipo sitolo ija imakutumiziranibe mauthenga. Amakutchulani dzina, amati akusowani, amati bwerani sabata ino takutsitsirani mtengo. Pa anthu onse a m'Chipata, amene akukufunsani mokhulupirika ndi amenewo. Ndiye tsiku lina ndinatenga foniyo ndi khadi lanu la kusitolo, ndinamanga chitenje, ulendo. Ndinakapeza kuti kuponi ya saladi imagwira ukagula chigubu chachikulu, ya mkaka imafuna ugule zitini ziwiri, ya mpunga mpaka tirole idzaze kaye. Ine m'kansalu mwanga munali ndalama ya kabotolo kakang'ono. Mtsikana wa pa makina ataona dzina pa khadi anafunsa, "Kodi ambuya aja ali kuti masiku ano?" Nditamuuza anagwira pakamwa. Ndinabweza basiketi pamalo pake n'kutuluka chimanjamanja.

Panjira ndi pamene zinandifikira bwino. Kuponi ndi ya munthu amene ali nazo kale. Ndiye kuti masiku onse munkati m'nyumba muno mulibe ndalama, penshoni ya Abambo inalipo, imangodikira Lachinayi.

Kenako ndinapita kumayadi kwa achimwene. Alamu anga anandilandira bwino, anandipatsa madzi ozizira m'tambula ya alendo. Ndinafotokoza zonse, khadi la sikelo ndinaliyala patebulo. Achimwene sanaliyang'ane n'komwe. Anati, "Enelesi, mawu a munthu womwalira sitisewera nawo. Ukufuna adzatisekenso ngati pa Abambo paja? Ine ndi dikoni, anthu adzayang'ana ine." Ndinati, "Achimwene, mwana akutha." Anati ana amatero, mwina ndi mano. Mano, Amayi, khanda la miyezi iwiri! Nthawi yonseyi kiyi wanu anali pamodzi ndi makiyi a galimoto, akumuzunguza pachala. Anandipatsa kabichi mmodzi ndi ndalama ya minibasi. Ndinalandira ndi manja awiri monga munandiphunzitsira.

Lachinayi lotsatira tinapitanso ku sikelo. Mzere unatsikanso. Anamwino anati zikapitirira choncho, ulendo wina mwana adzamugoneka m'chipatala. Titafika kunyumba Nawomi anakhala pamalo pake paja, Limbani akukoka bere lopanda kanthu. Anasisita chitseko chanu ndi chikhatho. Kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Amama, kodi ambuya ankandikonda?"

Muyankheni inuyo, Amayi.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa bambo wowotcherera zitsulo wa kuseri kwathu n'kubwereka sowo. Ndinatsegula chitseko cha kutsogolo ndi mawindo onse, kuti aliyense wodutsa aone kuti si wakuba, ndi mwana wa pakhomo. Amake Jenala, aneba athu aja munkabisirana nawo mchere, anabwera n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno. Ndinawauza kuti, "Lowani, mukhale mboni." Ndinkayembekezera kumva mawu anu kumbuyo kwanga. Koma loko wanuyo sanalimbe n'komwe, nayenso munamugula wotsitsa mtengo. Ndinangocheka pang'ono, wagwa pansi.

Chimene chinayamba kutuluka ndi fungo. Amake Jenala anabwerera m'mbuyo atatseka mphuno ndi chitenje, akuti, "Mayo ine, mwafera chiyani umu?" Denga lija munakana kulikonza linkadonthera momwemo mvula yonseyi. Matumba a mpunga a pansi anachita nkhungu yakuda, a pamwamba ankayenda okha ndi anankafumbwe. Ufa wa tirigu unali ulusi wa mbozi zokhazokha. Nyemba ukazigwira zimangofumbutuka. Makoswe anamanga mudzi m'katoni ya masupu, anaberekeramo ana, ndipo anali onenepa kuposa aliyense wa m'nyumba muno. Ndinatsegula chigubu cha saladi, fungo lake ngati penti, nditalawa pakhosi panachita kukanda. Ndinatsegula china, chimodzimodzi. Ndinatsegula zonse, Amayi, chimodzichimodzi, ndikupemphera kuti chimodzi chokha chikhale chabwino.

Nanga zikanakhala bwanji zabwino? Pafupifupi chilichonse chinali ndi kapepala kofiira kaja amamata pa zinthu zimene masiku ake atsala pang'ono kutha. N'chifukwa chake zinkatsika mtengo chotero! A sitolo ankatsitsa kuti anthu akadye sabata yomweyo, inu munkagula kuti anthu adzadye inu mutagona m'manda chaka chathunthu. Munkadziwa mtengo wa chinthu chilichonse m'tauni muno, koma simunafune kumva kuti chakudya chimaola. Phwando lanu linadyedwa kale, alendo ake anali makoswe.

Ndinawaimbira achimwene kuti bwerani mudzaone chuma chimene mukulondera. Anafika ndi mkwiyo, akukalipa asanatsike n'komwe galimoto, akuti ndawachititsa manyazi, akuti akaitana akulu a mpingo. Kenako anafika pakhomo pa kachipindako. Anatulutsa kampango n'kutseka mphuno. Anaima, anayang'ana, kenako anafunsa funso limene linandionetsa kuti ndi mwana wanu weniweni: "Nanga anthu tidzawauza chiyani?" Osati mwana ali bwanji, ayi. Ndinawapatsa fosholo n'kuwauza kuti ayambe ndi kuuza makoswewo kuti asamuke. Anavula jekete, Amayi. Anakumba dzenje kuseri kwa mango tayi ili pakhosi, ndipo tinakwirira zaka zanu zonse za Lachinayi. Pochoka anachotsa kiyi uja pa makiyi a galimoto n'kumusiya pawindo, osatsanzika.

Sizinaole zonse. Mchere unatsala. Shuga anauma gwa ngati njerwa, koma ndinamusinja mumtondo n'kusefa nyerere, ali bwinobwino. Mpunga wa pamwamba ndinaupeta, ndinauyanika padzuwa, wina unapulumuka. Koma chimene chatithandiza kwenikweni ndi sopo. Mipiringidzo ija munaisanja pashelefu ya pamwamba inauma bwino, ndipo azimayi a kumsika wa Kapata amaikonda youma chifukwa siisungunuka msanga. Ndinanyamula m'beseni n'kukasinthanitsa ndi nsinjiro, mazira, kapenta ndi kabotolo ka saladi watsopano. Sindinabise kuti ndi wa ndani. Aliyense wofunsa ndinamuuza kuti ndi sopo wa pachiliza cha Amayi.

Tsopano Nawomi akudya phala la nsinjiro m'mawa, ndipo shuga ndimathira ine ndi dzanja langa lopepuka lija, supuni yodzaza mpaka kutayikira, osasalaza ndi chala. Masana dzira, madzulo kapenta wokazinga. Patapita masiku ochepa anandiitana kuti ndidzaone bulauzi yake itanyowa pachifuwa, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Dzulo tinali ku sikelo. Mzere wadzuka pang'ono. Anamwino ati tisatayirire, mwanayo sanafike pamene ayenera kukhala, koma za kumugoneka sanazitchulenso. Limbani akayamwa tsopano amagona, kamwa lili yasa, mkaka ukutsikira m'khosi.

Za zitini za mkaka ndazisiyira kumapeto dala, chifukwa ndi zimene zandilembetsa kalatayi.

Mukukumbuka miyezi yanu yomaliza kunyumba kuno, musanapite kuchipatala? Munaonda mpaka chitenje chinkakuzungulirani kawiri. Adokotala anati muzimwa mkaka tsiku lililonse kuti mankhwala apeze pogwira. Ine ndinkapalasa makina mpaka miyendo kutupa kuti ndikugulireni timapaketi ta mkaka tija ta pa kantini, kamodzi lero, mawa osapeza. Tsiku limene ndalephera ndinkakubweretserani tiyi wakuda ndikuyang'ana pansi, inu n'kumati, "Usavutike mwanawe, wakuda ndi amene ndimakonda." Mutamwalira ndinakhala miyezi ndikudzifunsa ngati mukanakhalako pang'ono ndikanakhala mwana wopeza bwino. Sindinauze munthu, koma zinkandidya.

Zitinizo ndinazipeza pashelefu ya kukhoma limene linagundana ndi bedi lanu. Zazikuluzikulu, zosatsegula, zosanjidwa bwino zilembo zikuyang'ana kutsogolo. Ndinatembenuza chimodzi kuti ndione tsiku lake. Mkaka umenewo unatha mphamvu inu mukadali moyo, mwezi womwe uja munkalephera kudzuka nokha. Nditatsegula unali wachikasu, woundana, wonunkha. Nawomi sanamweko ngakhale supuni, inunso simunamweko. Munagona mutu wanu utayandikana ndi mkaka khoma lokha lili pakati, kiyi ali pakhosi panu, mukundiyang'ana ine ndikupepesa chifukwa cha tiyi wakuda. Simunanene kanthu. Munasankha kuti mayi wa kumudzi amene anafa kale asakusekeni, kusiyana n'kuti mukhale nafe mpaka mudzamuone Limbani.

Ndinakhala pansi m'kachipindamo chitini chili pamiyendo, ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro anu. Amake Jenala anangotseka chitseko cha kutsogolo n'kuthamangitsa ana amene ankasuzumira. Kutimana ife ndikanati ndi nkhanza chabe, ndinazizolowera. Koma munadzimananso nokha, n'kundisenzetsa ine mlandu wake. Chimenechi sindinakukhululukireni, Amayi, ndipo sindinama kuti ndakhululuka pofuna kuti kalata ithe bwino.

Kachipinda kaja ndakakolopa ndi sopo wanu, achimwene atumiza munthu amene wamata denga. Chitseko ndachizula ndi mahinjesi omwe, ndapachikapo katani ya nsalu zotsala. Muli mphasa ndi neti, Nawomi ndi mwana akugona mmenemo. Makuponi a m'chitini cha mabisiketi ndikuyatsira mbaula, amayaka bwino kwambiri. M'chitinimo ndaikamo mabatani ndi ulusi.

Chiliza chanu tidzamanga, musade nkhawa. Mu Ogasiti ndidzabwera ndi khasu ndi tsache, ndidzalambula pamanda panu ndi manja anga, ndidzaimba nyimbo yanu ija munkaiyambitsa mokweza kuposa wina aliyense. Anthu adzadya chimene munda udzatipatse. Shuga akadzapezeka adzamwa, akadzasowa adzamwa madzi otentha. Ndipo wina akadzangoyerekeza kunong'ona kuti kwa aphunzitsi kulibe shuga, ndikulonjezani pano, sindidzayang'ana pansi. Ndidzamutenga Limbani kumsana kwa mayi wake, ndidzamuika pamiyendo pa munthuyo kuti amve kulemera kwake, ndidzamuuza kuti shuga wa Amayi ali umu.

Ndimakukondani, mayi wouma mtima inu. Ndikanakhala kuti sindikukondani, bwenzi nditangotaya zitini zija osalira.

Ndine mwana wanu wa dzanja lopepuka,
Enelesi